Bodza Langa Linali ndi Miyendo Iwiri

Tasunthani pang'ono, akulu, benchi iyi si ya makolo anu. Eya, choncho. Ndingopumitsa mapaziwa mphindi khumi basi. Mukuyang'ana nsapato zangazi? Ziyang'aneni ndithu, musachite manyazi. Izi n'zatsopano, zimene zili ndi mbiri mkazi wanga anaziika m'bokosi, akuti adzaonetse zidzukulu. Paja akuluakulu amati bodza lilibe mwendo. Amene anapeka mwambi umenewo sanakumane nane. Langa linali nayo iwiri, ndipo linayenda m'mbali mwa mtsinje wa Yodo uno miyezi isanu ndi umodzi, litavala suti.

Ine ndine Kuramochi. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinagwira ntchito pa kampani ina yopanga mabawuti kuno ku Osaka. Dzina sinditchula, ingatchuke ulere. Kumapeto kwa Malichi bwana anandiitanira m'kachipinda. Anawerama, ine ndinawerama, iye anaweramanso kupitirira pamenepo, ndipo ndinadziwiratu kuti zavuta, chifukwa bwana akawerama kuposa iwe ndiye kuti mpando wako wapita kale. Anandipatsa maluwa. Maluwawo ndinawasiya dala m'sitima, koma anthu a dziko lino mukuwadziwa. Mayi wina anandithamangira nawo mpaka panja pa siteshoni, ali wefuwefu, "Bambo, mwaiwala maluwa anu." Ndinathokoza, mumtima ndikutukwana.

Ndinafika nawo kunyumba. Mkazi wanga Fumiyo anawayang'ana, n'kundiyang'ana ine.

"Mwalakwa chiyani?"

"Kodi munthu sangagulire mkazi wake maluwa?"

"Munthu angathe. Inu ndiye ayi."

Mawu anali kale pakhosi, ndinangotsala pang'ono kuwalavula. Koma Fumiyo anali ndi nkhani yake yomwe inkamutentha m'kamwa. Mwana wathu Nanase, amene amagwira ntchito ku New Zealand, wapeza mwamuna, dzina lake Colin. Mu Okutobala abwera naye pamodzi ndi makolo ake kudzationa.

"Ndipo Nanase wawauza kale kuti bambo ake ndi mkulu wa dipatimenti," anatero Fumiyo, akuika maluwa a kuchotsedwa ntchito kwanga m'botolo la madzi.

Inu, tamverani. Mwana ndili naye mmodzi yekha. Ndikanayamba bwanji kunena kuti mkulu wa dipatimenti uja tsopano ndi mkulu wa mpando wa pabalaza? Ndinkaopa kuti azungu aja adzaona mwana wanga ngati wochokera m'nyumba ya lova. Koma chimene ndinkaopa kwambiri, ndinene zoona, ndi maso a Fumiyo. Ndiye ndinameza. Ndinati ndipirire mpaka Okutobala, alendo akadzapita ndidzaulula.

M'mawa mwake ndinadzuka nthawi yomwe ija. Suti, tayi, chikwama, kabokosi ka mpunga.

"Ndapita."

"Mukagwire bwino ntchito."

Ndinafika pa siteshoni, ndinaima, ndinayang'ana sitima yanga ikupita. Kolowera kunalibe. M'nyumba za khofi amafuna uzigula kapu ina pakapita nthawi, ndipo ine ndi ndalama yanga sitisiyana chisawawa. Ku laibulale ndinapeza mipando yonse itatengedwa ndi amuna a masuti anzanga, aliyense atabisa nkhope m'nyuzipepala. Ndiye ndinatsikira kumtsinje n'kuyamba kuyenda. Kuyenda n'kwaulere. Ndinkayenda kuyambira naini koloko mpaka faifi, kupumira nkhomaliro yokha, chifukwa ine ngakhale ulova ndimausunga nthawi.

Sabata yachiwiri isanathe Fumiyo anasintha malonje a pakhomo. Ndikati ndapita, iye ankati, "Muyende bwino." Ine osaganizapo kanthu. Mawuwo muwasunge, tiwapeza kutsogoloku.

Pofika Juni nkhope yanga inali itada bii, chipumi chokha chili mbee chifukwa cha chipewa chomwe ndinkabisa m'chikwama.

"Bambo a Nanase, ku ofesi kwanu anachotsa denga?"

"Andisamutsira pafupi ndi windo."

"Windo lake n'lamphamvu."

Kenako Nanase anaimba foni. "Ababa, bambo ake a Colin, a Murray, amakonda kuyenda m'mapiri. Phunziraniko Chingerezi pang'ono kuti mudzacheze nawo za kuyenda. Musadzangokhala duu n'kumawerama ngati nthawi zonse."

Masukulu a Chingerezi a pafupi ndi siteshoni mitengo yake ndi yoti munthu uyambe wakhala pansi. Ine ndinafufuza mpaka ndinapeza kalasi yaulere ku holo ya boma, masiteshoni atatu kuchoka kwathu, Lachiwiri ndi Lachisanu masana. Ophunzira onse anali nkhalamba, ine ndinali khanda. Aphunzitsi anali mayi wa ku Jamaika, a Kerisha, amene amalankhula Chijapani cha ku Osaka kuposa ogulitsa nsomba. Ndipo mwayi wanga, mutu wa teremu yonse unali woti aliyense azifotokoza mmene amayendera pa tsiku: kuti, liti, ndi ndani, nthawi yaitali bwanji. Pamutu umenewo ine ndinali pulofesa.

Agogo ena anati amayenda mphindi khumi kupita kuchipatala. Ena anati amazungulira paki kawiri. Ine ndinaimirira, ndinakonza tayi, n'kunena mokweza kuti, "Ai waaku eburi dei," maola asanu ndi atatu.

"A Kuramochi, lero sitikukamba za ntchito," anatero aphunzitsi. "Tikukamba za kuyenda."

"Ndi zomwe ndanena."

"Mwanena kuti mumagwira ntchito."

"Ndikanakonda zikanakhala choncho," ndinatero chapansipansi.

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti amene anakonza Chingerezi anali ataledzera. Aphunzitsi analemba mawu awiri pa bolodi, *walk* ndi *work*. Liwu la kuyenda amalilemba ndi *a*, koma potchula umati *wooku*. Liwu la ntchito amalilemba ndi *o*, koma potchula limapendekera ku *waaku*. Anasinthanitsa dala, kuti ife tizivutika. Ine zaka zonsezi ndinkawerenga zomwe zalembedwa, ngati munthu waulemu.

"Tsegulani kukamwa," anatero aphunzitsi. "Ganizani kuti mwaikamo dzira lowiritsa lotentha. Wooku."

"Waaku."

"Dzira lagwa. Tolani. Wooku."

"Wuuku."

"Limenelo mwameza."

Kalasi yonse inali kufa ndi phwete, kuposa onse mkulu wina wokhala pambali panga, a Tsuruta, wa zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu ndi zinayi, amene ankaphunzira Chingerezi kuti azikalipira mdzukulu wawo wa ku Amerika m'chilankhulo chimene angamve. Potuluka anandigwira mkono.

"Akuchotsani liti?"

"Ndani wanena kuti andichotsa?"

"Achimwene, ine ndimawedza pansi pa mlatho tsiku lililonse. Suti kumtsinje Lachitatu masana? Ndinu wachisanu chaka chino. Kungoti anzanu amakhala pansi. Inu mumadutsa kanayi ngati mukuthamangitsa wakuba."

Ndinawapempha kuti asunge pakamwa. Anati alibe woti amuuze, akazi awo anamwalira ndipo galu wawo sakonda miseche.

Kuyambira pamenepo ndinalimbana nalo liwu lija usana wonse. Phazi lamanja, wooku. Phazi lamanzere, wooku. Tangoganizani, mapazi zikwi makumi atatu pa tsiku, phazi lililonse ndi dzira lake. Tsiku lina wapolisi wa panjinga anandiimitsa, atandiona ndikuyenda kukamwa kuli yasa, ndikubuula.

"Bambo, pamtima pakupweteka? Ndiitane ambulansi?"

"Ndikuphunzira Chingerezi."

"Pepani kwambiri," anatero, n'kupalasa njinga yake.

Tsoka lenileni linabwera mu Julayi. Fumiyo anandigulira mphatso, kamakina kowerenga mapazi, kaja komangirira pa lamba.

"Adokotala a pa TV akuti munthu aziyenda mapazi zikwi khumi pa tsiku. Inu anthu okhala pa desiki simufika n'komwe zikwi zitatu. Madzulo aliwonse ndiziona."

Tsiku loyamba ndinaiwala kuti kali pa lamba. Madzulo Fumiyo anavala magalasi n'kuwerenga.

"Zikwi makumi atatu ndi chimodzi."

"Chikepe chawonongeka. Tikukwera masitepe."

"Ofesi yanu ili pa nsanjika yachiwiri."

"Ndimaiwalaiwala zinthu pansi."

M'mawa mwake ndinakasiya kwa a Tsuruta pansi pa mlatho, ndinati akavale iwo. Nkhalamba ija inakhala pa ndowa yake tsiku lonse osasuntha. Madzulo kamakina kanaonetsa makumi asanu ndi limodzi.

"Lero ndiye anakunyamulani pa machira?" anafunsa Fumiyo.

"Misonkhano."

"Ndi kuchimbudzi komwe munachitira msonkhano?"

Ndinabwerera kwa a Tsuruta. Ndinawafotokozera bwinobwino ngati mwana: zikwi zisanu, osapitirira, osachepera. Anati ndisadandaule, apeza njira. Njira yake inali yomangirira kamakina m'khosi mwa galu. Ndipo galu ameneyo tsiku limenelo anakumana ndi abakha. Ine sindinaone nambala, ndinangolandira n'kumangirira, chifukwa nthawi yoweruka inali itakwana.

Fumiyo anawerenga, anavula magalasi, anawapukuta, anawerenganso.

"Zikwi makumi asanu ndi ziwiri."

Kenako anachotsapo kaubweya kofiirira, n'kukakweza m'mwamba pafupi ndi getsi.

"Bwana wathu watsopano," ndinatero. "Tsitsi likumuthothoka."

"Muwapepese," anatero Fumiyo. Ndipo m'mawa mwake m'kabokosi kanga ka mpunga munali nyama yowirikiza kawiri. Ine ndinaganiza kuti ndi chikondi cha mkazi wopusitsidwa. Ndinadya mosangalala, chitsiru ine.

Okutobala anafika. Ndinakonzekera ngati mayeso. Pa za kuyenda ndinali wokhwima: ndimakonda kuyenda m'mbali mwa mtsinje, ndimayenda mofulumira, mvula ikagwa ndimatenga ambulera. Koma ndinadziwa kuti mzungu akakhala pansi funso lake loyamba ndi loti umagwira ntchito yanji. Ndiye ndinakonza chiganizo chimodzi chabodza, chachifupi: ndimagwira ntchito tsiku lililonse, maola asanu ndi atatu. Waaku. Liwu lakalekale lija, lomwe ndinkalitchula ndisanalowe kalasi. Sindinalibwereze n'komwe. Ndani amayeserera kutchula chinthu chimene wakhala akutchula moyo wake wonse?

Tinakumana pa nkhomaliro, m'lesitilanti yapamwamba, yovula nsapato pakhomo. Apa ndiye panayambira manyazi. Nsapato zanga za ku ofesi ndinkazimata ndekha ndi guluu Lamlungu lililonse, chifukwa kugula zina kukanadzutsa mafunso. Mtsikana wolandira alendo anazinyamula ndi manja awiri, mwaulemu wonse, ndipo yakumanja inayasamula. Inatsegula kukamwa mozungulira bwinobwino, mmene aphunzitsi amafunira. Mtsikanayo anaitseka ndi chala n'kuwerama, ngati kuti walakwa ndi iye.

A Murray anali chimunthu chachitali, ndevu zoyera, miyendo yosadziwa kopinda pansi pa tebulo lalifupi. Akazi awo anali omwetulira. Colin ankatuluka thukuta. Nanase anakhala pakati kuti azimasulira. Tinamwa pang'ono, tinayamikira nyengo, ndipo a Murray anatembenukira kwa ine n'kufunsa funso lija, pang'onopang'ono, kuti ndimve ndekha.

Ndinawongola msana. Mutu unatumiza uthenga kukamwa kuti waaku. Koma inu, kamwa limeneli linali litanena wooku kambirimbiri pa tsiku kwa miyezi inayi. Dzira linalowa lokha.

"Ai wooku eburi dei," ndinatero. Maola asanu ndi atatu.

Sindinatchulepo liwu la Chingerezi momveka bwino chotero chibadwire. Aphunzitsi a Kerisha akanakhalapo akanalira. A Murray maso anawala, anamenya tebulo, anayamba kulankhula mofulumira. Ndinangotolapo zoti maola asanu ndi atatu n'zodabwitsa, ndipo akufuna kudziwa kuti ndimayenda kuti.

Nanase anaseka. "Ababa, mwasokoneza. Mwanena kuti mumayenda." Anatembenukira kwa alendo n'kuwafotokozera kuti Ajapani onse amalakwitsa pamenepa, bambo ake amatanthauza ntchito.

Khomo lothawira linali pululu. Chofunika chinali kungogwedeza mutu n'kuseka nawo. Ndinayamba kale kugwedeza.

Fumiyo anaika timitengo todyera pansi, mwakachetechete. Mkazi ameneyu ndakhala naye zaka makumi atatu ndi chimodzi, sindinamumvepo akutchula liwu la Chingerezi ngakhale limodzi. Anayang'ana a Murray m'maso n'kunena m'Chingerezi, liwu ndi liwu, kuti palibe kulakwitsa, mwamuna wake amachita wooku, kuyambira mu Epulo. Ndipo wooku wake unali wozungulira kuposa wanga.

M'chipindamo munangoti zii. Ndinkamva supu ikuzizira.

"Amayi, mukuti chiyani?" anafunsa Nanase.

"Bambo ako ntchito inatha mu Malichi. Masulira."

"Mayi a Nanase," ndinatero, "mwadziwa liti?"

"Sabata yachiwiri. A kampani anatumiza katoni kunyumba. Munali kapu yanu, masilipasi, ndi mankhwala a m'mimba. Komanso nsapato zanu mukavula pakhomo, amazitembenuza n'kuzisanja ndani madzulo aliwonse? Munthu wa pa desiki sabwera ndi njere za udzu m'masokosi."

"Nanga Chingerezicho?"

"Pa wailesi, kukhitchini. Inu mukapita ku dipatimenti."

"Ndiye kamakina kaja?"

"Ndinkafuna ndione kuti mufika nalo pati bodzalo." Anatulutsa kabuku m'kachikwama kake. "Mukanayenda molunjika, bwenzi pano mutafika ku Hokkaido, kumpoto kwenikweni kwa dziko lino, n'kubwerako. Tsiku la galu sindinawerengere."

Nkhope inanditentha, ndinalakalaka mphasa itandimeza. Koma chinandipweteka kwambiri n'chakuti m'maso mwake munalibe chimene ndinkaopa chija. Ndinayenda miyezi isanu ndi umodzi kuthawa chinthu chimene kunalibe.

"Bwanji osandiuza?"

"Ndikuuzeni kuti mukhale pakhomo? Muzinditsatira kumsika ngati tsamba lonyowa lomata ku nsapato, muzindifunsa chifukwa chake ndagula anyezi awiri? Ayi, zikomo." Anatola timitengo take. "Komanso kampani ija zaka zonsezi inkandibwezera munthu wotuwa, wosalankhula. Mtsinje unkandibwezera munthu wanjala, wodya n'kuyamikira. Mimba inaphwa, mkonono unatha. Ndikanasokonezeranji? Ndinkakuuzani m'mawa uliwonse kuti muyende bwino. Mumafuna ndichite kulemba pa chikwangwani?"

Nanase ankalira uku akuseka, uku akumasulira, ndipo ndikukhulupirira kuti anasiyako zina. Ine ndinagwada bwinobwino, ndinagunditsa chipumi pamphasa, ndinapepesa alendo kuti mkulu wa dipatimenti kulibe, alipo ndi woyenda pansi basi. Ndinadikira kuti adzuke azipita.

A Murray anakanda ndevu n'kulankhula. Nanase anamasulira. "Akuti iwo anawachotsa ntchito kawiri, ndipo ulendo wachiwiri anakhala m'galaja miyezi itatu akunamizira kukonza bwato."

Akazi awo anawonjezera kena kake.

"Akuti bwato kunalibe."

Fumiyo ndi mayi uja anayang'anizana, anagwedeza mitu, n'kugundanitsa makapu. Pamenepo womasulira sanafunike.

M'mawa mwake a Murray anaumirira kuti ndiwatenge kumtsinje. Anabwera ndi nsapato za m'mapiri, ndodo ziwiri, chikwama cha madzi. Ine ndinavala suti, chifukwa popanda suti miyendo yanga siidziwa kuti yayamba. Chingerezi chonse cha teremu ndinachikhuthula pa iwo: ndimayenda mofulumira, mvula ikagwa ndimatenga ambulera. Pofika thuu koloko katswiri wa mapiri uja anali atakhala pa ndowa ya a Tsuruta, atavula nsapato, galu akumunyambita zala. Ukwati wa Nanase ndi Colin unachitika mu Meyi.

Yunifolomu mukuionayi ndi ya kampani yowerenga mamita a gasi. A kampaniyo atandifunsa ngati ndingathe kuyenda tsiku lonse, Fumiyo anandipatsa kabuku kake kuti ndikawaonetse, ndipo anandilemba tsiku lomwelo. Kalasi ija ndimapitabe Lachisanu. Aphunzitsi a Kerisha akuti pa ophunzira awo onse, ndine ndekha amene ndinakonza katchulidwe posintha ntchito. Tsopano ndikati wooku ndakhoza, ndikati waaku ndakhozanso, ndipo ndikaledzera n'kunena chapakatikati, ndiye ndanena zoona zenizeni.

Basi, mphindi khumi zakwana, ndidzuke. Kamakinaka Fumiyo akadakawerengabe madzulo aliwonse, ndipo masiku ano amayamba wakanunkhiza, kufufuza fungo la galu.